Mafayilo osanjikizana pa netiweki: vuto likabuka, kufufuza kuyambire pati?

M'sukulu ndi m'maofesi ena, makompyuta ambiri amagwira ntchito opanda disiki yawoyawo. Akayatsidwa, amatenga mapulogalamu onse kudzera pa netiweki kuchokera ku kompyuta imodzi yaikulu yotchedwa seva. Njirayi imapulumutsa ndalama ndi nthawi, chifukwa katswiri akakonza seva ndiye kuti wakonza chipinda chonse. Koma zinthu zikasokonekera, zizindikiro zake zimazunguza mutu. Fayilo yomwe inalembedwa dzulo imapezeka palibe, kapena kompyuta ina imakana kutsegula foda yomwe inzake ikuiona bwinobwino. Ambiri mwa mavutowa amayamba munthu akapanda kudziwa kuti fayilo ili m'gawo liti.

Zida ziwiri zogwirira pamodzi

Chida choyamba ndi NFS, njira yogawana mafayilo pa netiweki yomwe kampani ya Sun Microsystems ya ku America inayambitsa mu 1984. Imachititsa kuti foda yomwe ili pa seva ioneke ngati ili m'kompyuta ya munthu. Chachiwiri ndi OverlayFS, chomwe analemba Miklos Szeredi ndipo chinalowa mu Linux 3.18 mu Disembala 2014. Ntchito yake ndi kusanjikiza mafoda awiri kapena angapo kuti aoneke ngati foda imodzi. Docker imadalira chidachi, chimodzimodzinso LTSP, pulogalamu yomwe sukulu zimayendetsera makompyuta opanda disiki.

Kusanjikizaku kuli ngati pepala lopyapyala loonekera mkati lomwe wophunzira amaika pamwamba pa mapu. Mapuwo ndi gawo la pansi, lomwe limangowerengedwa. Pepalalo ndi gawo la pamwamba, pomwe pamalembedwa chilichonse chatsopano. Woyang'ana amaona zonse pamodzi. Munthu akasintha fayilo ya pansi, OverlayFS imayamba yaikopera yonse pamwamba, n'kusintha yokoperayo. Akaifufuta, ya pansiyo siichoka. Pamwamba pamangoikidwa chizindikiro choibisa, n'chifukwa chake kufufuta fayilo yoteroyo sikuonjezera malo pa disiki.

Gawo la pamwamba silikhala pa NFS

Vuto lofala limabwera katswiri akafuna kusunga magawo onse awiri pa seva. Linux imakana kulumikiza, ndipo m'kaundula wake imalemba kuti malowo sangakhale upperdir, dzina la gawo la pamwamba. Chifukwa chake n'chakuti OverlayFS imafuna kumata timalemba tapadera pa mafayilo ndi mafoda a pamwamba kuti izikumbukira zomwe yabisa ndi zomwe yakopera, ndipo malangizo a Linux amanena mosapita m'mbali kuti NFS siyoyenera ntchito imeneyi. Gawo la pansi likhoza kukhala pa NFS, ndipo makompyuta ambiri akhoza kuligawana. La pamwamba liyenera kukhala m'kompyuta ya mwiniwake, lililonse ndi lakelake. Foda yothandizira ya workdir nayo iyenera kukhala pa chigawo chimodzi cha disiki ndi gawo la pamwambalo.

Kusintha za pansi anthu akugwiritsa ntchito

Uthenga wina woopetsa anthu ndi wa Stale file handle. NFS imazindikira fayilo ndi nambala yapadera yomwe seva imapereka, ngati chitupa chomwe munthu amalandira akasungitsa katundu. Katswiri akachotsa fayilo pa seva n'kuikapo yatsopano ya dzina lomwelo, makompyuta omwe ali choyaka amatsala ndi chitupa cha katundu yemwe kulibe. Malangizo a OverlayFS amaletsa kusintha magawo a pansi pamene akugwiritsidwa ntchito, ndipo amachenjeza kuti zotsatira zake sizidziwika. Njira yabwino ndi kukonza gawo latsopano mufoda ina, kudikira kuti anthu aweruke, kenako n'kuyatsanso makompyuta kuti ayambe kuwerenga latsopanolo.

Ntchito yosowa magetsi akathima

Kompyuta yopanda disiki imasunga gawo la pamwamba mu RAM, pogwiritsa ntchito tmpfs. Zonse za mu RAM zimafufutika kompyuta ikazima. M'dziko ngati Malawi, momwe magetsi amathimathima, wophunzira yemwe wasunga ntchito yake m'gawo limeneli akhoza kutaya zomwe walemba tsiku lonse. Malowo ndi ochepanso. Ngati katswiri sanasinthe malire, tmpfs imalekeza pa theka la RAM, kutanthauza kuti kompyuta ya 4 GB ili ndi malo a 2 GB okha. Popeza kusintha ngakhale chilembo chimodzi kumakopera fayilo yonse pamwamba, fayilo imodzi yaikulu ikhoza kudzaza malowo, kompyuta n'kuyamba kudandaula za malo pomwe disiki ya seva ili yosadzaza. Mankhwala ake ndi kulumikiza foda ya munthu aliyense padera, kunja kwa magawo osanjikizanawo, kuti zolemba zizipita molunjika ku disiki ya seva.

Zilolezo ndi kugawa foda yosanjikiza

Mavuto ena ndi a zilolezo. Linux imadziwa anthu ndi manambala, choncho munthu yemwe ali 1001 pa seva koma 1002 pa kompyuta yake akhoza kukanizidwa kutsegula mafayilo ake omwe. Komanso seva ya NFS, ikapanda kuuzidwa zina, imalanda mphamvu woyang'anira wa kompyuta yakutali, wotchedwa root, n'kumutenga ngati mlendo wamba, kawirikawiri wa nambala 65534. Lamuloli limatchedwa root_squash ndipo ndi lachitetezo, koma limalepheretsa kuwerenga mafayilo a pansi omwe amatseguka kwa woyang'anira yekha.

Palinso ena omwe amasanjikiza mafoda pa seva pomwepo, n'kufuna kugawa zotsatira zake pa NFS. Izi zinayamba kutheka mu 2018 ndi Linux 4.16, kudzera mu ntchito ya Amir Goldstein. Zimafunika kuyatsa nfs_export pamodzi ndi index polumikiza, komanso kupereka nambala ya fsid m'fayilo ya /etc/exports. Chimodzi chikasowa, seva imakana kugawa fodayo.

Ndondomeko yofufuzira

Kuthamanga si kufika. Chizolowezi chozimitsa ndi kuyatsanso kompyuta vuto likangooneka n'choopsa pano, chifukwa chimafufuta gawo la pamwamba pamodzi ndi ntchito ya munthu komanso umboni wa chomwe chalakwika. Katswiri wosamala amayamba wakopera ntchitoyo kwina.

Akatero, amalemba lamulo la findmnt, lomwe limaonetsa komwe kuli gawo la pansi, la pamwamba ndi foda yothandizira. Ngati magawowo akufikirika, amafunafuna fayilo yovutayo m'gawo lililonse palokha. Ikapezeka pamwamba, ndiye kuti kompyutayo ikuwerenga yokopera, ndipo zosintha za pa seva siziioneka. Lamulo la dmesg limaonetsa madandaulo a Linux, pomwe la df limaonetsa malo otsala. Pa seva, exportfs -v imafotokoza mafoda omwe akugawidwa ndi zilolezo zake. Ndi bwinonso kulumikiza foda ya NFS payokha, popanda OverlayFS. Ikavutabe, vuto lili pa seva kapena pa netiweki, ndipo kufufuza kupite ku mawaya, ku zilolezo ndi ku khomo la 2049 lomwe NFS imadutsira. Ikayenda bwino, vuto lili m'kusanjikiza, ndipo katswiri ayang'ane komwe kwaikidwa gawo la pamwamba, malo omwe atsala, ndi ngati wina wasintha za pansi makompyuta ali choyaka.