Nyimbo za Esau ndi Anzace

Ana inu, mukapita ku msika wa Lilongwe mudzaona katundu wocokera kutali: usipa wa kunyanja, mbatata za ku Dedza, ndi zobvala za kaunjika zimene zinaoloka nyanja zazikuru. Nyimbo nazo ziyenda ulendo monga katunduyo, ndipo zina zikacoka kwao zibwerako zitabvala cobvala cina. Imvani tsono za munthu wa m'mudzi womwewo amene anasanganiza nyimbo za mitundu yambiri.

Esau Mwamwaya anabadwira ku Mzuzu, nakulira ku Lilongwe, kumene anali kuomba ng'oma m'gulu la oyimba lochedwa Masaka. M'caka ca 1999 anamuka ku London, ku Mangalande, nakagulitsa mipando ndi zinthu zina zakale m'kasitolo. Tsiku lina munalowa mnyamata wa ku France, dzina lace Etienne Tron, nagula njinga. Pambuyo pace anaitana Esau kuphwando kunyumba kwace, ndipo kumeneko Esau anakomana ndi Johan Hugo wa ku Sweden. Azungu awiriwo anali amisiri opanga nyimbo zobvinira ndi makina. Iwo anayesa kuti apeza woomba ng'oma, koma atamva mau ace, anampempha kuti aziyimba. Gulu lao analicha The Very Best.

Macitidwe ao poyamba anali otere. Anatenga nyimbo zodziwika za anthu ena, nasiya malimba ndi ng'oma zace, ndipo Esau anayimbapo mau atsopano a Cicewa. Nyimbozo anazipereka kwaulere pa intaneti m'caka ca 2008.

Taonani ulendo wa imodzi mwa izo. Kale akapolo a ku Afrika anatengedwa kunka ku cisumbu ca Cuba, ndipo anapita ndi mayimbidwe ao a ng'oma. Patapita zaka zambiri, nyimbo za ku Cuba zinafika ku Congo pa magalamafoni, ndipo anthu a kumeneko anazikonda, napanga rumba yaoyao. M'rumba imeneyo munaturuka gule wa kwasakwasa, amene makolo anu amdziwa bwino. Anyamata ena a ku New York, gulu lao Vampire Weekend, anakopeka ndi magitala a ku Afrika, napeka nyimbo yochula kwasakwasa m'dzina lace. Esau tsono anaitenga nyimbo ya anyamatawo, naiyimba m'cinenero cathu. Nanga mwini wace wa nyimbo yotere ndani? Si capafupi kuyankha.

Cimene ine ndiyamika mwa Esau ndi ici: angakhale anadziwa Cizungu, nyimbo zace zambiri anaziyimba m'Cicewa, pamaso pa anthu osamva ngakhale liu limodzi; ndipo iwo anabvinabe.

M'caka ca 2009 anaturutsa cimbale cochedwa Warm Heart of Africa, dzina limene alendo amachulira nalo Malawi. Etienne anacokamo m'gulumo, koma Esau ndi Johan anapitirira. Cimbale ca 2015, Makes a King, anacijambulira m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja yathu, ndipo Baaba Maal, woyimba wamkuru wa ku Senegal, anayimba nao. Caka cotsatira anakomana ku Johannesburg ndi Baaba Maal yemweyo, ndi gulu la ku Mangalande la Mumford & Sons, ndi la ku Cape Town la Beatenberg, najambula pamodzi nyimbo zisanu.