Kambuku ndi nyenyezi ya m'nyanja: mizati ya chilengedwe

Munthu akaima m'minda ya mpunga ya pa Hara, m'boma la Karonga, amaona nyanja ya Malawi kum'mawa ndi mapiri a Nyika kumadzulo. M'mapirimo muli akambuku. Koma m'nyanjamo mulibe kanyama kotchedwa nyenyezi ya m'nyanja, chifukwa kamakhala m'madzi a mchere okhaokha, monga a m'nyanja ya Indian ku Mozambique. M'nkhani ino tiyerekeza nyama ziwirizi pofuna kuonetsa kuti ngakhale zimasiyana kwambiri m'matupi, ntchito yake pa chilengedwe ndi imodzi.

Tiyambe ndi kusiyana kwake. Kambuku ali ndi msana, ubongo ndi magazi. Amakhala ndi bere kwa miyezi yoposa pang'ono itatu, ndipo kawirikawiri amaswa ana awiri kapena atatu amene amawayamwitsa. Nyenyezi ya m'nyanja ilibe msana, ubongo ngakhale magazi. Imayenda pogwiritsa ntchito madzi amene imakokera m'thupi. Mitundu yambiri ili ndi miyendo isanu, ndipo umodzi ukaduka umamera wina. Pakudya, imatulutsa chifu chake kunja n'kugayira chakudyacho komweko.

Kufanana kwake n'kwakuti zonse ziwiri zimadya nyama zinzake, potero zimaletsa mtundu umodzi kuchulukana mopyola muyeso. M'chaka cha 1966, katswiri wina wa ku America, Robert Paine, analemba zimene anapeza atachotsa nyenyezi zonse pa gombe lina la ku Washington. Nkhono za zigoba ziwiri zimene nyenyezizo zinkadya zinadzaza miyala yonse, ndipo mitundu ya zamoyo pamalopo inatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8. Nyama yotere ili ngati mzati wa pakati pa nyumba: ukauzula, denga limagwa.

Kambuku nayenso ndi mzati. Mwa zina, amadya anyani ndi nguluwe, zimene zimaononga chimanga ndi chinangwa. Ku Ghana, ofufuza anapeza kuti mikango ndi akambuku zitachepa m'nkhalango, anyani anachuluka n'kuyamba kusautsa alimi.

Mizati iwiriyi ili pa chiopsezo. Kuyambira mu 2013, matenda anapha nyenyezi zosawerengeka m'gombe la kumadzulo kwa North America. Kambuku amatha ndi misampha, malonda a zikopa ndi kudula mitengo. Ku Majete akambuku anatheratu, moti mu 2011 bungwe la African Parks linachita kukatenga ena ku South Africa.

Pomaliza, n'zoona kuti mwini mbuzi yogwidwa usiku sangamuyamikire kambuku, ndipo dandaulo lake liyenera kumvedwa. Komabe mlimi wa m'munsi mwa Nyika adziwe kuti kambuku akatha m'phiri, anyani ndi nguluwe zidzatsikira m'munda mwake popanda woziletsa.