Mfuti ya masipeyala: yotchipa koma imadya thumba

Inu amene mumagulitsa masipeyala mumsika mukuidziwa nkhani ya munthu amene amagula tcheni lero, mawa ma sipoko, mkuja felemu, kenaka n'kutulukira atakwera njinga yathunthu. Eya, ku America aliko anthu ochita zomwezo, koma iwo amalumikiza mfuti.

Musathamange mtima, si ma AK-47 aja anasefukira kuno nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992 ayi. Ndi kamfuti kophunzirira kuwombera chandamale, kodya tizipolopolo ta .22 Long Rifle, tonenepa mamilimita osakwana 6. Kampani ya J. Stevens inatulutsa chipolopolochi mu 1887, ndipo mpaka lero ndicho amawombera pa mpikisano wa mamita 50 ku Olympics. Sichikankha paphewa, sichiphulika mogonthetsa ngati zikuluzikulu zija, komanso n'chotchipa, moti munthu amatha bokosi la zipolopolo 500 Loweruka limodzi osalira.

Imene amaikonda kwambiri ndi Ruger 10/22, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1964 ndipo yagulidwa mamiliyoni. Magazini yake imalowa zipolopolo 10. Makampani ena monga Volquartsen ndi Magpul anaona msika, n'kuyamba kupanga mipope, zokhethemulira ndi zigwiriro zapaphewa zokwana pa mfutiyi.

Tsono bizinesi ili apa. Munthu akagula mpope wamakono, wakale uja amauponya m'katoni. Akasintha chigwiriro, chakale chimapitanso momwemo. Pakatha zaka ziwiri katoni yadzaza, ndiye amati: bwanji osangolumikiza mfuti ina ya mwana kapena ya alendo, poti zitsulo zilipo kale?

Ati yaulere! Koma amene anakonzapo galimoto yakufa akudziwa kumene nkhaniyi imathera. Kasipuling'i kamodzi kasowa, kagule. Kapini kena sikakukwana, itanitsa, lipiranso mtengo wotumizira. Ukaona mpope wakale uja ukuchititsa manyazi pa chigwiriro chatsopano, mtima uja wayambanso. Pomaliza ambiri amapeza kuti alowetsa ndalama zoposa mtengo wa mfuti yatsopano ya m'sitolo, ndipo m'katoni mwatsalanso zitsulo zoyambira ina. Ogulitsa masipeyala ndiwo amaseka chamumtima.

Chilipo chitsulo chimodzi chimene sichingotoledwa m'katoni: kabokosi kapakati kotchedwa receiver, pamene zina zonse zimadzamangiriridwa. Pa malamulo a boma la America, kameneka ndiko mfuti yeniyeniyo, zinazo ndi zovala chabe. Lamulo la Gun Control Act la 1968 linalamula makampani kudinda nambala pa mfuti iliyonse, ndipo kuyambira 1998 wogula kwa wamalonda wa laisensi amayamba wafufuzidwa mbiri yake pa kompyuta.

Ngakhale kutchipa kwa zipolopolo kunawatembenukirapo. Mu 2013, anthu ataopa kuti boma likhwimitsa malamulo pambuyo pa kuphedwa kwa ana pa sukulu ya Sandy Hook mu Disembala 2012, anagula .22 mosaunjika mwanzeru mpaka mashelufu anayera. Mavenda akumeneko ankalawirira m'sitolo, kukokolola zonse, n'kukagulitsa pa mtengo wawo. Zija za shuga akasowa kuno.

Ndipo kuchepa kwakeko kusakunamizeni. Robert F. Kennedy anaphedwa mu 1968 ndi mfuti ya .22, ndipo Pulezidenti Ronald Reagan anapulumukira mkamwa mwa mbuzi mu 1981 atalasidwa ndi chipolopolo cha saizi yomweyo. Chikaphonya chandamale chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka.

Kuno kwathu nkhani ndi ina. Lamulo la Firearms Act la 1967 limafuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi chilolezo, ndipo zilolezozo zimadzera kupolisi. Ikhale gogodela yosula kumudzi kapena yolumikiza ndi zitsulo zochokera kunja, akakupeza nayo popanda pepala, benchi lako la mumsika ena akhalapo iwe uli ku Maula kapena ku Chichiri.