THUMBA LA KHONSOLO LOMANGIRA NYUMBA

M'Chainda, komboni ya kum'mawa kwa Lusaka, muli nyumba zambiri zimene zinalekezera pa mazenera. Mwini wace agula matumba awiri a simenti, aumba mabuloko, nayembekeza kufikira ndarama zitaonekanso. Ku banki sangapite, pakuti banki ifuna pepala la malo ndi umboni wa malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo wogulitsa makala kapena tomato alibe zimenezi.

Cifukwa ca anthu otere makhonsolo a m'maiko ena asunga thumba la nyumba. Ndizo ndarama zoikidwa padera, ndi lamulo lakuti zisagwire nchito yina iri yonse. Munthu akongola, amanga, nabweza pang'ono pang'ono, ndipo zimene wabweza zikongozedwa kwa mnzace. Thumba lotere lifanana ndi mbeu ya cimanga: ikadyedwa m'nyengo ya njala, caka camawa palibe cobzala.

Mzinda wa Lusaka unayesapo njira yofanana ndi imeneyi. M'masiku a Northern Rhodesia, lamulo la 1948 linauza makhonsolo ndi olemba nchito kuti apezere anchito nyumba, ndipo Matero inamangidwa m'zaka zotsatira. Koma nyumba inali kuyenda ndi nchito; nchito ikatha, munthu anali kuturuka. Otsalawo anamanga pa malo a Azungu, ndico cifukwa cace makomboni ena, monga George ndi John Laing, ali ndi maina a eni malo kapena eni nchito.

M'caka ca 1974 Boma la Zambia linaleka maganizo akuti makomboni onse ayenera kugwetsedwa. Linapanga lamulo lopatsa wokhala m'komboni yobvomerezedwa cilolezo ca zaka 30, ndipo World Bank inakongoza ndarama zokwana madola 20 miliyoni. Khonsolo ya Lusaka inatsegula ofesi yochedwa Housing Project Unit, imene inagwira nchito ku George, ku Chawama, ku Chaisa ndi ku Chipata. Miseu inalambulidwa, mipopi ya madzi inaikidwa, umodzi pa nyumba ngati 25, ndipo amene nyumba zao zinali pa njira ya mseu anapatsidwa malo ena pafupi. Wofuna kukonza nyumba yace anali kulandira ngongole ya simenti, malata ndi zitseko. Anthu anamanga ndi manja ao, ndipo nyumba za njerwa zadothi zinasanduka za mabuloko.

Pa kubweza ndipo panabvuta. Mtengo wa kopa unagwa m'caka ca 1975, zinthu zinakwera m'masitolo, ndipo mabanja ambiri anatsalira m'mbuyo. Koma umphawi sunali cifukwa cokha. Ena anati sangalipire pamene zinyalala sizicotsedwa ndiponso madzi sakuturuka. Ena anaona kuti mnansi wosalipira sacitidwa kanthu, nalekanso iwo. Atsogoleri a UNIP, amene anathandiza kwambiri poyamba, sanafune kudana ndi anthu ao pa nkhani ya ngongole, ndipo kutseka mpopi kunali kulanga wolipira pamodzi ndi wosalipira. Kotero ndarama zimene zikadafika ku makomboni ena sizinabwerere zonse. Ku Kalingalinga nchito inacitika pambuyo pace, m'zaka za m'ma 1980, ndi cithandizo ca Boma la Germany.

M'caka ca 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo pa mtengo wocepa. Mabanja a ku Matero ndi Chilenje anakondwera, ndipo nkoyenera, koma lendi imene Khonsolo inali kulandira mwezi ndi mwezi inathera pomwepo.

Kuyambira m'zaka za m'ma 2000 anthu a m'makomboni, makamaka azimai, anayamba kusonkha okha m'magulu a Zambia Homeless and Poor People's Federation, natsegula thumba lao lochedwa Swalisano. M'magulu amenewa wosonkhetsa ngongole ndiye mnansi, wodziwa tsiku limene wokongola wagulitsa bwino ku msika.