Nsomba za M'damu Nazo Zimadwala

Mabanja angapo a mpingo kuno ku Msongwe, mumzinda wa Mzuzu, anakumba madamu m'madambo n'kuikamo makumba, chilunguni kapena chambo. Nsombazi n'zamamba ndi zipsepse, zomwe Levitiko 11 imatilola kudya, ndipo zimapatsa ana chakudya chomanga thupi. Koma chisanu cha June ndi July chikafika, ena amapeza nsomba zikuyandama m'mawa, mimba zili m'mwamba, ndipo msanga amaganiza kuti wina wathira chiphe. Nthawi zina wolakwa amakhala kachirombo kosaoneka ndi maso.

Kodziwika kwambiri ndi kamene kamayambitsa timadontho toyera pakhungu, ngati nsomba yawazidwa mchere. Kamalowa pansi pa khungu ndi m'makha, n'kumadya pamenepo. Kakakhuta kamagwera pansi pa damu, kamadzikuta, kenako kamaswa ana mazanamazana amene amasambira kusaka nsomba ina. N'chifukwa chake nsomba imodzi yodwala imatha kupatsira damu lonse. Anthu a kunja amene amaweta nsomba za m'nyanja ya mchere m'magalasi amalimbana ndi kachirombo kofanana nako, ndipo anaphunzira kusunga nsomba yatsopano payokha kwa milungu ingapo asanaisakanize ndi zinzake. Ife timagula mbewu ya nsomba m'ndowa, n'kuikhuthulira m'damu tsiku lomwelo!

Palinso nsabwe za nsomba ndi tinyongolotsi tomamatira pakhungu. Nsomba yogwidwa imadzikhula pa udzu kapena m'mbali mwa damu, imasiya kudya madeya, ndipo imabwera pamwamba kudzapuma movutikira.

Tizirombo timeneti timapezeka m'madzi ambiri, koma timagonjetsa nsomba yofooka. Nsomba za mtundu wa chambo zimakonda madzi ofunda, ndiye kuzizira kwa Mzuzu kumazichotsa mphamvu. Damu losaya limazizira msanga usiku, choncho mbali yakuya ifike mita imodzi kapena kupitirira. Kuthinana nakonso kumapha. Alangizi ambiri amati nsomba ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita, koma mtima wofuna phindu umatiuza kuti tiwonjezere. M'miyezi yozizira tichepetsenso madeya ndi manyowa, chifukwa zotsala zimaola pansi n'kumaliza mpweya m'madzi.

Tikakolola, tiphwetse damu, liume mpaka matope ang'ambike, ndipo tiwaze laimu tisanalowetse madzi ena. Ukonde wobwereka kwa mnansi uyambe wauma padzuwa. Pa paipi yolowetsa madzi tiike sefa kuti nsomba za mumtsinje zisalowe. Nsomba zochepa zodwala tingaziviike m'madzi a mchere, magalamu 20 pa lita imodzi, kwa mphindi pafupifupi 10, tikuziyang'anira, n'kuzichotsa zikayamba kugudubuka. Mcherewo umagwetsa tizirombo ta kunja kwa khungu, koma tobisala mkati sutifika.

Tikaona zilonda zofiira zakuya, imeneyo ndi nkhani ina. Mu 2020 boma linalengeza kuti matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS apezeka ku Mchinji. Amayamba ndi kankhungu ka m'madzi, ndipo amayenda ndi nsomba zamoyo, maukonde ndi madzi osefukira. Zikatere tisagulitse, tisagawire abale, tisataye nsombazo mumtsinje. Tizikwirire m'dzenje lakuya ndipo tidziwitse alangizi a nthambi ya za usodzi.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ife ogwira ntchito za umoyo mumpingo ndi nkhono za m'madzi. Nkhono zina zimasunga tinyongolotsi timene timazungulira pakati pa nkhono, nsomba ndi mbalame zodya nsomba monga akakowa. Ndi timene nthawi zina timaoneka ngati timbewu tachikasu mumnofu tikamatumbula. Nsomba yophikidwa mpaka kupsa bwino imakhala kuti tizirombo tafa, koma yongowambidwa pamwamba mkati muli mwazi si yopatsa mwana.

Nkhono zinanso zimasunga likodzo, ndipo limeneli ndi la anthu. Silibwera chifukwa chodya nsomba. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa n'kulowa mu nkhono, kenako tizirombo timatuluka n'kuboola khungu la aliyense woponda m'madzimo. Damu la banja likasanduka posambira ana Lamlungu masana, ngoziyo ili pakhomo pomwe. Tizilambula udzu wa m'mbali mwa damu momwe nkhono zimabisala, chimbudzi chikhale kutali ndi madzi, ndipo olowa m'damu pokolola avale majombo. Mwana akayamba kukodza magazi, tisamuuze kuti ndi kukula. Tipite naye kuchipatala akamuyeze mkodzo, chifukwa mankhwala ake, praziquantel, alipo, ndipo ana ena amene amasewera naye m'madziwo ayezedwenso.