Batire kapena mafuta: ndege ya rimoti imauluka bwino ndi chiyani?

Anzanga, galimoto ya mawaya tonse tinapangako. Koma kuli ndege zazing'ono, mapiko ake mita imodzi kapena awiri, zimene munthu amaziulutsa ali chiimire pansi, rimoti ili m'manja. Zina zimayendera batire, zina mafuta. Ndiye nanga zabwino ndi ziti kwa ife a kuno?

Ya mafuta imakhala ndi injini yeniyeni ya pisitoni imodzi, yaing'ono yoti mutha kuifumbata. Zambiri mwa injinizi sizimwa petulo wa pa filing'i siteshoni ayi. Zimamwa mafuta akeake osakaniza methanol, nitromethane ndi oyilo. Oyiloyo nthawi zambiri amakhalamo wa nsatsi. Eee, nsatsi zomwezi zimamera kuseri kwa khola! Pamutu pa injini pamakhala pulagi ya kawaya ka platinum. Poliza umakatenthetsa ndi batire, kenako injini ikalira kamakhala kofiira kokha chifukwa cha moto wa m'katimo. Ndege zokulirapo ndi zimene zimamwa petulo wosakaniza ndi oyilo, ngati makina odulira mitengo aja.

Pa nkhani ya mphamvu, mafuta alibe mnzake. Kilogalamu imodzi ya petulo imasunga mphamvu pafupifupi ma watt-hour 12,000, pamene batire la lithium lolemera chimodzimodzi limasunga pafupifupi 200 basi. Werengerani nokha, ndi kuposa ka 50. Methanol ali ndi pafupifupi theka la mphamvu za petulo, komabe batire amalisiya kutali. China ndi ichi: ndege ya mafuta imanka nipepuka pamene ikuuluka, poti mafuta akutha. Batire lakutha limalemera ndendende ngati lodzaza, ndiye ndege imalinyamulabe ngati mwana wogona kumbuyo. Komanso mafuta akatha umangothira ena, mphindi zochepa wabwerera m'mwamba. Batire kutchaja kwake ndi pafupifupi ola lathunthu.

Mukamva choncho mungati mkangano watha. Dikirani kaye. Kainjini kaja mphamvu zambiri kamataya pa kutentha ndi phokoso, zofika ku pulopela ndi zochepa. Mota ya magetsi yabwino imafikitsa ku pulopela magawo 80 pa 100 kapena kuposa. Siifuna kulizidwa, ungokankha kandodo ka pa rimoti yayamba kuzungulira. Siizima yokha m'mwamba chifukwa choti mpweya ndi mafuta sizinasakanikirane bwino, ndipo ukatera sufunika kupukuta oyilo pa mapiko.

Batire lake amalitcha LiPo, m'bale wake wa la mufoni. Selo imodzi imapereka mavoti 3.7, maselo atatu 11.1. Koma ndi lovuta amwene. Selo ikatsika kupitirira mavoti 3 imaonongeka. Ukalitchaja mopyola, kapena likabooka ndege itagwa, limatupa ndipo litha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Amene timagona m'nyumba zaudzu, limeneli si lotchajira kumutu kwa mphasa usiku.

Mwina wina akuti izi ndi zidole za ana a mabwana a ku Namiwawa ndi ku Sunnyside. Si choncho. Mu June 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera madironi ku Kasungu, ofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege. Mu November chaka chomwecho, ndege yotchedwa EcoSoar, imene ophunzira a ku Malawi konkuno anapanga mothandizidwa ndi a ku Virginia Tech, inauluka makilomita 19 kuchoka pa chipatala cha Gogode kukatera pa bwalo la Kasungu. Thupi lake linali la bolodi yopepuka ya fomu, ndipo inkayendera batire. Mu January 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, mogwirizana ndi MUST ya ku Thyolo, pafupi pomwepa. Nayo kampani ya Swoop Aero inkatumiza mankhwala ndi ndege za batire m'zipatala za ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene misewu imaduka mvula ikachuluka. Mapiko, mota ndi batire zake ndi nzeru yomweyo ya kandege ka rimoti, kungoti zazikulupo.

Funso lenileni ndi lakuti, nanga magetsi akewo ali kuti? Ambirife kwathu kulibe ESCOM, foni timakatchajitsa pa golosale. Ndipo tikukumbuka mmene kunkaderamo m'tauni namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022. Zoona zimenezo. Koma nawo mafuta tinaona mizere yake ku Limbe ndi ku Ginnery Corner, a kabaza kugona pa pampu. Petuloyo amachokera kutali, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Nanji nitromethane, mungamufunse pa pampu iti? Pamene matchaja ambiri a LiPo amalandira mavoti 12, kutanthauza kuti sola ya padenga ndi batire la galimoto zikwanira. Dzuwa silikhala ndi mzere.

Ndipo ambiri sadziwa kuti nayo ndege ya mafuta ili ndi kabatire m'mimba. N'kamene kamayendetsa cholandirira uthenga wa rimoti ndi timamota tokhotetsa mapiko ndi mchira. Kakatha m'mwamba, injini imangolirabe koma ndege siikumveranso, imapita kwake. Choncho kutchaja sungakuthawe.

Ine ndikuti kalabu ya sayansi itafuna kuyesa, iyambe ndi ya batire, ndipo ikhale ndi mabatire awiri kuti lina liziuluka lina likutchajidwa. Ya mafuta isiyireni wofuna kukhala m'mwamba nthawi yaitali ndi ndege yolemera. Inu okhala cha ku Chileka, pafupi ndi bwalo la ndege saulutsirapo chilichonse popanda chilolezo cha oyang'anira za ndege, kaya cha batire kaya cha mafuta.