Wapolisi Akawombera Munthu n'Kufa, Mudzi Ulowere Kuti?

Mfuti ikalira m'dera, uthenga sudikira wailesi. Lisanalowe dzuwa aliyense pamsika amakhala atamva kuti apolisi awombera mwana wa uje ndipo watsirizika. Matayala amayaka pamsewu, mabenchi a ogulitsa malonda amagubuduzika, anyamata amatola miyala n'kuloza kumene kuli ofesi ya polisi ya m'deralo. Mkwiyo umenewu ndi womveka, ndipo palibe amene ayenera kuuza mayi wofedwa kuti akhale chete. Munthu amene analembedwa ntchito yoteteza moyo, amene malipiro ake ndi mfuti yakeyo zinachokera ku msonkho wathu, ndiye wachotsa moyo. Koma zimene mudzi ungachite pa masiku awiri kapena atatu oyambirira ndi zimene zimagamula ngati wowomberayo adzaime m'khothi kapena angosamutsidwa kupita ku boma lina nkhani n'kuzilala.

Tiyambe ndi funso loti kodi wapolisi ali ndi mphamvu yowombera liti. Gawo 16 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, ndipo ufulu umenewu suchoka chifukwa munthu akuganiziridwa kuti waba. Lamulo la apolisi la mu 2010, pa gawo 44, limalola mfuti pa zochitika zowerengeka: munthu womangidwa pa mlandu waukulu akamathawa, wina akamafuna kulanditsa womangidwa mwankhondo, kapena akamaletsa mwankhondo kuti iye kapena mnzake amangidwe. Ngakhale pamenepo pali malire. Wapolisi ayenera kukhala ndi chifukwa chokwanira chokhulupirira kuti panalibe njira ina, wothawayo ayenera kuchenjezedwa, ndipo ngati bwana wake ali pomwepo, wapolisi wamng'ono sawombera popanda kulamulidwa. Lamuloli limanenanso kuti mfuti igwiritsidwe ntchito, mmene kungathekere, pofooketsa munthu osati kumupha. Mfundo za bungwe la United Nations za mu 1990 zimapita patali kuposa apa: kuwombera kofuna kupha n'kololedwa pokhapokha palibiretu njira ina yopulumutsira moyo wa munthu.

Ndiye mawu amene timamva kawirikawiri akuti "amathawa" kapena "chinali chipolopolo chosochera" sathetsa nkhani. Amangotsegula mafunso. Amathawa atamangidwa pa mlandu wanji? Anachenjezedwa? Chipolopolo chinalowera kumsana kapena kutsogolo? Analamula kuwombera ndani? Mafunso amenewa amayankhidwa ndi umboni, ndipo umboni wambiri umakhala m'malo atatu: m'thupi la malemu, m'maso mwa amene analipo, ndi m'mabuku a pa polisi pomwepo.

Za mabukuwa anthu ambiri saziganizira. Pa polisi iliyonse pamakhala buku lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, ndandanda ya amene anali pa ntchito, ndi kaundula wosonyeza amene anatenga mfuti iti ndi zipolopolo zingati. Khamu likayatsa ofesi ya polisi, zimenezi ndi zomwe zimapsa. Amene wapindula ndi wowombera uja. Mawa lake nkhani ya m'manyuzipepala imakhala ya nyumba yopsa ndi anyamata amene amangidwa, dzina la malemu limatsikira pa ndime yomaliza, ndipo dera limakhala zaka lopanda kokadandaula mbava zikavuta.

Thupi la malemu ndilo mboni yoyamba. Pachikhalidwe chathu timafuna kuika maliro mwachangu, ndipo ena safuna n'komwe kumva zong'amba mtembo. Komatu m'bale wanu akafa ndi mfuti ya boma, musalole kuti aikidwe dokotala asanapime thupi ndi kulemba lipoti. Banja lingapemphe kuti pakhale dokotala amene ilo likumukhulupirira, ndipo chipolopolo chikapezeka chilembedwe kuti chasungidwa ndi yani. Nkhani ya Buleya Lule imatiphunzitsa kulemera kwa zimenezi, ngakhale iye sanafe ndi mfuti. Anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019. Bungwe la Malawi Human Rights Commission litalowererapo, Dr Charles Dzamalala anapima thupi n'kupeza kuti munthuyo anazunzidwa, ndipo anamutentha ndi magetsi. Lipoti limenelo ndi limene linagwira nkhani kuti isafe. Mu 2020 apolisi 13 anamangidwa, boma linapereka chipukutamisozi kwa mkazi wake, ndipo mu 2024 khothi lalikulu linapeza apolisi asanu ndi mmodzi olakwa. Zaka zisanu ndi nthawi yaitali kwa namfedwa, koma pakanapanda pepala la dokotala lija, chigamulo sichikanakhalapo.

Mboni nazonso zisamalidwe msanga. Amene anaona alembe, kapena auze wina awalembere, tsiku lomwelo: nthawi, malo, nambala ya galimoto, chiwerengero cha apolisi, mawu amene ananenedwa mfuti isanalire. Amene anajambula pa foni asunge kanema woyambirirayo ndi kupereka kwa loya kapena kwa ofufuza, asangomutaya pa WhatsApp pomwe amadulidwadulidwa mpaka osadziwika kuti anajambula ndani.

Tsono umboniwo upite kuti, poti kukadandaula ku polisi komweko kuli ngati kukasuma kwa fisi kuti mbuzi yasowa? Lamulo la mu 2010 lija linakhazikitsa bungwe loima palokha lotchedwa Independent Complaints Commission, ndipo ntchito yake imodzi ndi kufufuza imfa kapena kuvulala kulikonse kochokera ku zochita za apolisi, kapena kochitikira m'chitolokosi. Chomvetsa chisoni n'chakuti bungweli linakhala pa pepala pokha zaka khumi. Mkulu wake woyamba, a Christopher Tukula, anasankhidwa mu 2020. Aliyense angakadandaule kumeneko, sikuti mpaka akhale wachibale, ndipo bungweli lingathe kuyamba kufufuza palokha. Likamaliza limapereka zimene lapeza kwa oyenera kuchitapo kanthu. Mlandu wakupha umazengedwa ku khothi lalikulu, ndipo amene ali ndi mphamvu youyendetsa ndi mkulu woona za milandu ya boma, amene timangomutchula kuti DPP. Malawi Human Rights Commission nayo ili ndi mphamvu zofufuza zochokera m'Malamulo Oyendetsera Dziko, ndipo palibe choletsa kukadandaula mbali zonse ziwiri. Palinso lamulo lakale lopatsa majisitireti udindo wofufuza pagulu chimene chapha munthu amene wafa imfa yokayikitsa. Njira imeneyi siigwiritsidwa ntchito kawirikawiri, komabe banja lingathe kuipempha kudzera mwa loya.

Mlandu wa chipukutamisozi ndi wosiyana ndi mlandu wakupha. Banja limasumira boma kudzera mwa mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, ndipo lamulo limafuna kuti apatsidwe chidziwitso cholemba miyezi itatu mlandu usanalowe m'khothi. Nthawi yosumira ili ndi malire, choncho musadikire kuti mlandu wakupha uthe kaye. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Pano ndichenjeze za bokosi la maliro, matumba a ufa ndi galimoto zimene akuluakulu a polisi amabwera nazo pa siwa. Kulandira si kulakwa, chifukwa banja lili pa mavuto. Koma chipepeso cha pamaliro si chigamulo, ndipo wina asasainitsidwe pepala limene sanalimvetse ali mkati molira.

Nanga zionetsero? Gawo 38 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Apa pali chinthu chimene ngakhale akuluakulu ena a boma amachipotoza: nzika sipempha chilolezo, imangodziwitsa. Malinga ndi lamulo la apolisi lija, wotsogolera amalembera bwanamkubwa wa boma, DC, kalata n'kupereka ina kwa mkulu wa polisi wa m'deralo, pasanatsale maola ochepera 48 komanso osapitirira masiku 14 tsikulo lisanafike. M'kalatamo mumakhala dzina la wotsogolera, cholinga, tsiku ndi nthawi, njira imene anthu adzadutse, chiwerengero choyembekezeka, anthu osungitsa bata, ndi kumene chikalata cha madandaulo chikaperekedwe. DC angaitane mbali zonse kuti zikambirane za njira kapena nthawi. Akaletsa, ayenera kupereka zifukwa, ndipo otsogolera angathamangire ku khothi lalikulu. Pafupi ndi nyumba ya boma, nyumba ya malamulo ndi makhothi pali malire a mamita 100 amene safikidwa popanda chilolezo chapadera. Makhothi athu akhala akuteteza ufulu umenewu: mu 2002 khothi lalikulu linagamula kuti chiletso chimene pulezidenti Bakili Muluzi anaika pa zionetsero zokhudza teremu yachitatu chinali chosemphana ndi malamulo.

Ndikudziwa kuti maola 48 amamveka ngati chaka pamene mtembo uli ku mochale. Koma masiku awiriwo angagwire ntchito: ndi pomwe thupi limapimidwa, mboni zimalembedwa, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, ndi komiti ya chitetezo cha m'mudzi amakhala pansi n'kugwirizana zofuna. Chikalata chabwino sichingonena kuti tikufuna chilungamo. Chimatchula zinthu zoti munthu angaziwerenge pa zala: wowomberayo aimitsidwe ntchito pamene akufufuzidwa, mfuti ndi mabuku ziperekedwe kwa ofufuza oima paokha, banja lipatsidwe lipoti la dokotala, mboni zitetezedwe, ndipo yankho libwere pofika tsiku lakuti.

Lamulo la apolisi lija lili ndi mbali ziwiri zimene aliyense wopita ku zionetsero ayenera kuzidziwa. Gawo 106 limasenzetsa otsogolera mlandu wolipira katundu amene wawonongeka, pokhapokha asonyeze kuti sanalole zimenezo ndipo anachita zonse zotheka kuti azipewe. Gawo 105 limalola mkulu wa apolisi kulamula mphamvu, kuphatikizapo mfuti, pamene ena akupha, kuvulaza kwambiri kapena kuwononga katundu wamtengo wapatali, njira zina zikalephera. Ine ndimaona kuti kulola mfuti poteteza katundu n'kulakwitsa, ndipo aphungu athu ayenera kukonza ndime imeneyi, chifukwa sitolo imamangidwanso koma munthu sabwerera. Koma pakadali pano ndi mmene lamulo lilili, ndipo amene akuthyola sitolo pakati pa zionetsero akuika pa ngozi mayi amene akungoyenda ndi chikwangwani.

Mbiri yathu ili ndi maliro obadwa pa maliro ena. Woimba Evison Matafale atafera m'manja mwa apolisi mu November 2001, ophunzira a ku Chancellor College anachita zionetsero ku Zomba mu December, ndipo mmodzi wa iwo, Fanikiso Phiri, anawomberedwa n'kumwalira. Pa 20 July 2011 anthu anavala zofiira n'kutuluka m'mizinda kudandaula za kusowa kwa mafuta a galimoto, ndalama zakunja ndi ulamuliro wa pulezidenti Bingu wa Mutharika. Chiletso cha khothi chimene chinatengedwa usiku wa dzulo lake chinasokoneza zinthu, anthu anali atasonkhana kale pamene atsogoleri awo anali ku makhothi, ndipo pa masiku awiri anthu 20 anafa, ambiri a iwo ku Mzuzu, kumene ena anaikidwa ku manda a Zolozolo. Komiti yofufuza imene pulezidenti anaika inapeza kuti apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu yopyola muyeso. Koma komiti yotere sizenga mlandu ndipo simanga munthu. Imangolemba lipoti n'kupereka kwa amene anaiika. Apolisi amene anafika m'khothi chifukwa cha imfa za tsikulo ndi ochepa kwambiri. Boma likadzalengeza komiti pambuyo pa imfa ina, funsani kuti lipoti lidzatuluka liti, ndipo kufufuza kwa mlandu wakupha kusaime podikira komitiyo.

Kubwezera nako tinaona kumene kumathera. Mu October 2019 khamu linapha wapolisi Usumani Imedi ku Msundwe. Nayenso anali mwana wa munthu, anasiya banja. Apolisi amene anapita kuderalo pambuyo pake anachitira nkhanza zogonana amayi ndi atsikana ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Chimene chinawapezera chipukutamisozi amayiwo si miyala. Analimba mtima n'kufotokoza zimene zinawachitikira, Malawi Human Rights Commission inalemba lipoti, maloya a bungwe la Women Lawyers Association anatengera nkhaniyo ku khothi, ndipo mu August 2020 khothi lalikulu linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 alipidwe.

Ntchito yovuta imayamba anthu akabalalika pamsewu. Mudzi usankhe anthu atatu kapena anayi, mmodzi wa m'banja la ofedwa, oti azisunga mapepala onse: lipoti la dokotala, nambala ya dandaulo, makalata opita kwa DC ndi mayankho ake. Azipita ku maofesi mwezi ndi mwezi kukafunsa pamene nkhani yafika, aziuza atolankhani tsiku lililonse la khothi, ndipo mlandu ukamazengedwa mabenchi a m'khothi asakhale opanda anthu. Phungu wa deralo apemphedwe kufunsa nduna yoona za chitetezo cha m'dziko m'nyumba ya malamulo, chifukwa yankho loperekedwa mmenemo limalembedwa. Ndipo pa nthawi ya bajeti, phungu yemweyo afunsidwe kuti Independent Complaints Commission yapatsidwa ndalama zingati zolembera ofufuza ndi kuwafikitsa ku Chitipa kapena ku Nsanje thupi lisanaikidwe.